Botolo Losanunkhira

Mukafika ku Chinyonga n'kufunsa za Idah Alufandika, ambiri adzangokupukusirani mutu. Koma mukati "mayi wa mphuno uja," ngakhale wakabaza wobwera dzulo adzakutulani pakhomo pake penipeni. Idah amatha kukuuzani kuti mwadzera kuchigayo musanakhale n'komwe pansi. Mwamuna wake, Kingstone, analeka kalekale kunama za komwe waswera, osati chifukwa choti ndi dikoni kutchalitchi ayi, koma chifukwa kwa mkazi wotereyu bodza limafika ndi fungo lake. Mphuno imeneyi ndiyo inkamudyetsa Idah, ndiyo inkamunyaditsa, ndipo tsiku lina inatsala pang'ono kumulanditsa mwana wake mmodzi yekhayo.

Anabadwira ku Ngabu, kuchigwa, komwe dzuwa limawotcha ngati muli nalo mlandu. Mayi ake ankatcheza kachasu wa masau. Iwo sankamwa ngakhale dontho, koma ana ankafunika yunifolomu ndi makope. Idah anakulira pamotopo, akusonkhezera nkhuni ndi kusintha madzi ozizira pomwe pamadutsa paipi. Kumeneko n'komwe mphuno yake inaphunzirira ntchito. Ankangonunkhiza kamodzi n'kunena kuti, "Amayi, mutu watha, zikubwerazi ndi madzi," ndipo mayi akewo ankasintha botolo osalawa n'komwe.

Mayi ake atamwalira, Idah anakwera basi kubwera m'tauni. Anapeza ntchito yosesa pasaluni ina m'kati mwa Blantyre, ya mayi wina dzina lake Joan, komwe azimayi a m'maofesi ankabwera kudzatikitidwa minofu akatopa ndi kukhala pampando. Mafuta otikitira ankasakanizidwa ndi madontho a mafuta ena onunkhira, ochokera ku Joni m'timabotolo tabulauni. Tsiku lina akupukuta pashelefu anatsegula kamodzi mwakuba.

"Madamu, uyu si bulugamu uyu?" anafunsa.

Joan anaseka n'kuvomera. Anamufotokozera kuti amawiritsa masamba, nthunzi imadutsa m'paipi, ikazizira mafuta amayandama pamwamba pa madzi.

"Ndiye kuti amatcheza?"

"Kaya mumati chiyani kwanuko, koma n'zomwezo."

Idah anaseka yekha m'minibasi mpaka kondakitala anamuyang'ana kawiri. Zaka zonsezi ankachita manyazi ndi ntchito ya mayi ake, kumeneku n'kukhala kuti anthu a ndalama zawo amagona patebulo kudzoledwa kachasu wa masamba. Anakhala kwa Joan zaka zingapo, naphunzira kutikita, kusakaniza, komanso zoopsa za mafutawo. Atakwatiwa ndi Kingstone, yemwe ankagwira ntchito pakampani ina yosindikiza mabuku ku Ginnery Corner, anagula mgolo wawung'ono ndi paipi ya kopa kwa wokonza mafiriji ku Limbe, n'kuyamba kutcheza yekha kuseri kwa nyumba. Ankatcheza bulugamu, chanzi, mpungabwi, ndi udzu wothira mu tiyi uja amati lemonigilasi.

Utsi sunakwere kawiri nkhani isanafike ku Soche kwa apongozi ake. Amake Kingstone anali mayi wa Mvano, wa bulauzi yoyera yosita mpaka kuthwa. Ukwatiwu sanaukondwere kuyambira pachiyambi, chifukwa anali atamuonera kale mwana wawo mtsikana wa m'kwaya, osati wochokera kuchigwa wosadziwika mtundu wake. Anafika ndi ambulera m'manja, nazungulira mgolowo ngati wapolisi. Idah anagwada n'kuwafotokozera zonse mwaulemu. Iwo anangoti, "Chotuluka m'paipi n'chotuluka m'paipi basi," n'kubwerera osamwa ngakhale madzi.

Chinawagwirizanitsa ndi mliri wa Covid. Amake Kingstone, omwe panthawiyo anali atafedwa amuna awo, anadwala mpaka anthu anayamba kunong'onezana. Kingstone anawatengera ku Chinyonga. Abale ena ankangoimba foni ali kutali, koma Idah anawasambitsa, anawamwetsa mankhwala a kuchipatala m'nthawi yake, ndipo m'mawa ndi madzulo ankawafukiza, kuwafunditsa bulangete pamwamba pa beseni la madzi otentha a chanzi ndi bulugamu. Kaya chinawachiritsa n'chiyani, akudziwa ndi Mulungu. Koma mayiwo atadzuka sanabwererenso ku Soche, ndipo analeka kumuitana kuti "inu". Anayamba kumuti "iwe, mwanangu," ngati wobereka okha.

Kuyambira pamenepo panabadwa kamwambo ka awiriwo. Idah akatcheza mafuta atsopano, asanagulitse kwa aliyense, ankathamanga nako kabotolo koyamba n'kugwada pafupi ndi mpando wa apongozi ake.

"Amayi, tamvani aka."

Iwo ankatsinzina, kukoka mpweya, n'kugwedeza mutu. "Eee, zikununkhira bwino, mwanangu."

Mawu amenewo Idah ankawakonda kuposa kuyamikira kwa makasitomala ake onse. Munthu wamasiye amadziwa yekha chomwe akusowa.

Kwa makasitomalawo Idah anali wankhanza pa malamulo. Aliyense wogula ankamuuza maso ali gwa: osamwa, osadontheza m'maso, osapaka pakhungu usanasakanize ndi mafuta ena, ndipo ana asafikire. Koma kunyumba kwake, pepani, timabotolo tinkakhala m'dengu pashelefu ya pamwamba m'chipinda chosungiramo katundu, topanda dzina ngakhale limodzi. Ankamata dzina pokhapokha akamagulitsa. Kingstone anamuuzapo kuti, "Amake Lucy, bwanji osatilemba timeneti?" Iye anayankha akuseka, "Mphuno yangayi ndiyo lebulo." Chaka chimenecho katundu wakunja anavuta, ndipo a Suhail, omwe ankamugulitsa timabotolo tabulauni pasitolo yawo ku Limbe, anati tatha. Idah anagula toyera, ta zotsekera zachikasu, tomwe timapezeka paliponse.

Linali tsiku la m'mwezi wa Juni, chiperoni chitakuta phiri la Soche. Lucy, mwana wawo wa zaka zitatu, anali akukhosomola sabata imeneyo. Sichinali chifuwa choopsa. Idah anadontheza bulugamu pakansalu n'kukapachika pafupi ndi bedi la mwanayo, namusiya ndi agogo ake, iye n'kupita ku Limbe kukapereka mafuta kwa azimayi a paofesi ina. Ali m'kati mofotokozera mayi wina za mpungabwi, foni inalira.

"Amake Lucy, tabwera," anatero apongozi ake. "Mwanayu sindikumumvetsa."

Minibasi inali ikuyembekezabe kudzaza, ndiye anadumphira panjinga yamoto osafunsa mtengo. Anapeza Lucy atagona pamkeka pabalaza, atasanza, maso ali otseguka pang'ono koma osaona munthu. Atamuimiritsa, miyendo inapindika ngati ya woledzera. Atamuitana dzina, mwanayo anangobuula. Thupi silinali lotentha.

Nyumba yonse inkamveka bulugamu monga mwa masiku onse, ndipo zovala za mwanayo zinali zitatenga fungo la kansalu kaja. Koma Idah anaika mphuno pakamwa pa Lucy. Fungolo silinkachokera panja. Linkachokera m'kati.

"Amayi, mwanayu wamwa chiyani?"

"Phala lokha ndi tiyi."

"Sanalowe m'chipinda chija?"

"Akalowa afikira bwanji pamwamba paja? Ine ndinali naye pompano."

Amake Kingstone ankayankha akuyang'ana pansi, dzanja limodzi litagwira mfundo ya pakona ya chitenje chawo. Idah anafuna kufunsanso, koma mpongozi safunsa apongozi ake funso limodzi katatu. Mnansi wawo Angela anali atalowa kale ndi kapu ya madzi a mchere. "Mumwetseni asanze zonse, asisi!" anatero. Idah anaikankha kapuyo mpaka madzi anatayikira pamkeka. Anali ataphunzira kwa Joan kuti mafuta otere akabwerera ndi masanzi amatha kulowa m'mapapo. Angela anatuluka atakwiya, ndipo Idah anadziwa kuti pofika madzulo Chinyonga yonse ikhala itamva kuti mayi wa mphuno wakaniza anthu kuthandiza mwana wake.

Kingstone anafika ndi galimoto ya kuntchito. Atanyamula mwanayo, nayenso analimva fungolo. Anamuyang'ana mkazi wake ndi maso omwe Idah anali asanawaonepo.

"Ndinanena ine za timabotolo takoti."

Sanati "inu". Idah anathamangira m'chipinda muja, natsitsa dengu lonse kuti akawaonetse a chipatala. Ali panjira, pafupi ndi Chichiri, Lucy anauma thupi m'manja mwake n'kuyamba kuphupha. Idah anakuwa. Amake Kingstone anayamba kupemphera mokweza, dzanja lidakali pamfundo ija. Kuphuphako kunaleka asanafike, koma mwanayo sanatsegulenso maso.

Kuchipatala cha Gulupu anamulandira mwachangu. Anamubaya pachala, malungo sanapezeke. Dokotala, mayi wachitsikana wa magalasi, anawaitana atatu onsewo pakhonde la wodi ya ana.

"Mayi akuti akukayikira mafuta a bulugamu," anatero. "Alipo anamuona akumwa?"

Panalibe woyankha.

"Ndikufunsa chifukwa chake n'chakuti, ngati wamwadi, ndikufuna ndidziwe kuchuluka kwake ndi nthawi yake. Tizimuyang'anira kapumidwe mpaka mphamvu yake ithe. Koma ngati palibe akudziwa, sindingangokhala. Ndiyenera kumutenga madzi a pamsana, tione ngati si matenda oumitsa khosi."

Atamva za madzi a pamsana, amake Kingstone anagwira khoma. Koma pakamwa sanatsegule.

"Pakali pano asamwe kapena kudya chilichonse, ngakhale madzi," anapitiriza dokotalayo. "Ndipo pabedi pakhale munthu mmodzi yekha."

Idah anali atayamba kale kulowa pamene Kingstone anamutchinga ndi mkono. "Amayi ndi amene akhale ndi mwana. Iwe khala panja ndi dengu lakolo."

Zinamupweteka kuposa mbama. Anafuna kukuwa kuti mwanayo anamubereka ndi iye, koma mumtima ankadziwa kuti mwamuna wake ali ndi pogwira. Kingstone anapita kukaimika bwino galimoto ndi kuimbira abwana ake. Idah anakhala pabenchi, dengu lili pamiyendo, misozi ikugwera patimabotolo. Ngati mwana wamwa, ndiye kuti kabotolo kena katsika. Anayamba kutitulutsa kamodzikamodzi, kukaunika kuwala, kutsegula, kununkhiza. Chanzi, kodzaza. Lemonigilasi, kodzaza. Bulugamu, kodzaza mpaka pakhosi. Kena ka bulugamu, chimodzimodzi. Kenako anatsegula kena, nakafikitsa pamphuno.

Sanamve kanthu.

Anachita mantha ena atsopano. Anaganiza kuti mphuno yake yafa ndi nkhawa, pa tsiku lomwe ankaifunitsitsa. Anatsegula ka mpungabwi, fungo linamulasa mpaka m'mutu. Anabwerera ku kaja. Zii. Anadontheza pachala. Mafuta ake omwe amatcheza amakhala opepuka, amauma msanga. Awa anali olemera, oterera ngati ophikira. Anakatembenuza kabotoloko, ndipo kunsi kwake anapeza kachithunzi kakang'ono ka nkhunda, komatidwa.

Idah ankawadziwa mabotolo amenewa. Makasitomala ake ena ankayenda nawo m'zikwama. Ndi mafuta odzozera omwe aneneri a m'matenti amapereka kwa anthu awo. Ena amapaka pachipumi, ena pakhomo la nyumba, ndipo ena amadontheza mu tiyi kapena kumwetsa wodwala. Kutchalitchi kwawo abusa anali atadzudzulapo zimenezi paguwa, ndipo Kingstone, pokhala dikoni, ananena poyera kuti m'nyumba mwake zisadzalowe. Ndiye munthu wofuna kubisa kabotolo kotere m'nyumba imeneyo akanakabisa kuti? Panalibe malo abwino kuposa m'dengu la timabotolo tofanana nako, topanda maina.

Ngati ka nkhunda kali m'dengu muno, ndiye kuti amene anabwera kudzakatenga m'mawa uja anatenga kena. Ndipo sakudziwa kuti anatenga kena. Akuona mwana akuipiraipira, ndipo m'maganizo mwake mankhwala ali nawo m'manja. Idah anakumbukira mfundo ya pakona ya chitenje.

Dengu linagwa pansi. Anathamanga.

"Gadiyani mmodzi, mayi!" anakuwa namwino wa pakhomo. Idah anamudutsa ngati sanamve. Bedi la Lucy linali kumapeto kwa wodi, pafupi ndi zenera. Amake Kingstone anali atafulatira anthu onse, ataweramira mwanayo. Mfundo ija inali yomasula. Ankanong'ona pemphero, dzanja lamanzere likutsegula kukamwa kwa Lucy, lamanja likupendeketsa kabotolo.

Chikwatiwire, Idah anali asanawapatsepo apongozi ake ngakhale kapu ya madzi ali chiimire. Anali asanawadulepo mawu. Tsiku limenelo anawadumphira, nawagwira pamkono mwamphamvu, n'kuupotokola. Kabotolo kanauluka n'kukasweka pasimenti.

Fungo la bulugamu linadzaza wodi yonse nthawi yomweyo. Mayi wa pabedi loyandikana anayamba kutsokomola. Wina anaphimba mwana wake ndi nsalu. Namwino anabwera akuthamanga, dzanja lili pamphuno, n'kukankha mazenera. Idah anapukuta milomo ya Lucy ndi bulauzi yake, nainunkhiza, naipukutanso. Inali youma. Dontho silinafike.

"Wataya mafuta odalitsika!" analira amake Kingstone. "Mwana akufa, iwe n'kutaya mafuta odalitsika!"

"Amayi," anatero Idah, akupuma movutikira, "simukumva?"

"Kumva chiyani?"

Anafunsa moona mtima. Anthu onse m'wodimo maso anali akuyabwa, koma iwo okha anaima pakati pa fungolo ngati palibe chachitika. Kingstone analowa nthawi imeneyo n'kupeza mkazi wake atagwira mayi ake pamkono.

"Idah! Wapenga?"

Idah anawasiya. Anagwada pasimenti ponyowapo, natambasula dzanja. Kabotolo ka nkhunda kanali kadakali m'chikhatho chake. Anakatembenuza kuti aone kunsi.

"Anu ndi awa, Amayi. Anatsala m'dengu."

Amake Kingstone anayang'ana nkhundayo. Anayang'ana magalasi osweka pansi. Anayang'ana azimayi ogwira mphuno. Kenako anamuyang'ana Lucy. Anakhala pansi pomwepo, mayi wa Mvano wa bulauzi yosita, n'kuika manja kumutu.

"Mayo ine! Ndapha mdzukulu wanga ndi dzanja langa."

Dokotala uja anafika, ndipo sanataye nthawi ndi kukalipa. Anagwada pafupi nawo. "Agogo, kulira mulira bwino. Panopa ndiuzeni. Munamupatsa wochuluka bwanji?"

"Kasupuni ka tiyi. Sikanadzaze. Ena analavula, ankakana, ine n'kumati ndi mwano wa ana."

"Nthawi yanji?"

"Atangomaliza phala, mayi ake atachoka."

Dokotalayo anaimirira n'kuuza namwino kuti za pamsana ziyambe zaima, ndipo mwanayo asamutsidwire kuchipinda china komwe angamuyang'anire pafupi, kutali ndi fungolo. "Ana ambiri amadzuka," anauza Kingstone. "Koma sindikulonjezani kanthu mpaka atatsegula maso. Akanamwa kachiwiri, bwenzi tikukamba zina."

Kingstone anayang'ana mayi ake, nayang'ana mkazi wake, ngati munthu amene wafika pamaliro olakwika. Namwino atafunsa kuti alowe ndani, iye anayankha motsitsa, "Alowe mayi wake." Koma m'chipinda chatsopanocho sankalola aliyense kufikira atamaliza kumulumikiza ku makina, ndiye onse anatulutsidwa.

Anakakhala panja, pakapinga pomwe odikirira odwala amayanika zovala. Chiperoni chinali chikuwaza pang'onopang'ono. Kingstone anaima patali, atatsamira mtengo. Azimayi awiriwo anakhala pansi moyandikana, osayang'anana. Idah anali ndi mkwiyo, ndipo sankafuna kuubisa. Ankafuna kufunsa chifukwa chomwe anakhalira chete kunyumba, m'galimoto, ngakhale pamaso pa dokotala. Koma yankho ankalidziwa. Iwo ankakhulupirira kuti apereka mafuta a pemphero, osapweteka munthu, ndipo kuulula kukanangowachotsera ulemu pamaso pa mwana wawo dikoni. Funso lomwe linamutuluka linali lina.

"Amayi, bulugamu amamveka munthu ali kumsewu. Munatsegula botolo, munathira pasupuni. Zinatheka bwanji?"

Amake Kingstone anapotokola kona ya chitenje.

"Chichokereni matenda aja, sindimva fungo lililonse," anatero. "Ngakhale utsi. Ngakhale ndiwo zikamapserera. Mphuno yanga inatsalira komweko."

"Zaka zonsezi?"

"Zonsezi."

"Nanga ndikabwera ndi kabotolo, inu n'kumati zikununkhira bwino?"

"Unkabwera ukumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso. Iwe unandisambitsa pamene ana obereka ndekha ankaopa kundiyandikira. Ndikanakuuza bwanji kuti pali chomwe sunathe kubweza? Ndinkati mawa zibwerera, mawa zibwerera." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Ndiye mnzanga wina wa ku Soche ananditengera kwa mneneri uja. Sindinapitireko china ayi. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'chipinda chija n'kupaka pamphuno. Ndinkakaika kumapeto kwa dengu, mbali ya kukhoma. Lero ndinati ndimumwetseko mwanayu kuti chifuwa chija chithe. Dzulo uyenera kuti unasuntha."

Idah anakumbukira. Dzulo lake anali atatsitsa dengulo posankha zopita nazo ku Limbe, n'kubwezeramo timabotolo mwachisawawa. Anali ndi chifukwa chanji chosamalira malo ake, poti mphuno yake ndiyo inali lebulo?

"Ndinkangofuna tsiku limodzi lokha," anapitiriza mayiwo, "ndimve chomwe ndakhala ndikuyamikira."

Mkwiyo wa Idah unasweka pamenepo. Analira mokweza, osasamala anthu odutsa. Ankalirira Lucy, ankalirira mayi wokalambayu amene anamunamiza chifukwa chomukonda, ndipo ankadzilirira yekha, mkazi wodziwa fungo la aliyense m'Chinyonga amene analephera kuzindikira kuti munthu wogona naye nyumba imodzi samva kanthu. Kingstone anali atayandikira ndipo anamva zonse. Anakhala pansi pakapinga ponyowapo ndi buluku lake la kuntchito, osanena kanthu za aneneri, osanenanso za timabotolo.

Dzuwa lisanalowe, namwino anatulukira pakhomo n'kuitana, "Amake Lucy!" Idah anaimirira. Anayang'ana nkhope ya namwinoyo kuti awerengepo uthenga, osapezapo kanthu. Analowa atagwira pamtima. Anapeza Lucy atatsegula maso, ofooka, akuyesa kuchotsa kachubu ka pamphuno. Mwanayo anayang'ana mayi ake, nakwinya nkhope chifukwa cha fungo la bulugamu la pazovala zawo.

"Amami, mukununkha," anatero.

Idah anaseka ndi kulira nthawi imodzi mpaka namwino anamuuza kuti achepetse phokoso.

Anawatulutsa patapita masiku ochepa, mwanayo akuyenda yekha. Sabata imeneyo Idah sanayatse moto kuseri kwa nyumba, ndipo anauza mwamuna wake kuti akafuna, mgolowo augulitse kwa ogula zitsulo. Madzulo a tsiku lotsatira Kingstone anabwera ndi kabati yaing'ono ya loko, ndi mapepala omata osindikizidwa kuntchito kwake, a zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale wokalamba awerenge opanda magalasi. Pansi pa dzina lililonse panali mawu ofiira akuti OSAMWA. Anaziika patebulo n'kunena kuti, "Amake Lucy, mundikhululukire za kuchipatala zija." Kabotolo ka nkhunda sanakafunse, ndipo mayi ake sanakatchulenso.

Anthu a ku Chinyonga anakamba nkhaniyi mmene anafunira. Ena mpaka lero amati Idah anamenya apongozi ake m'chipatala, ndipo iye sawatsutsa. Makasitomala ena anathawa, ena anabwerera. Amatchezabe, koma masiku ano botolo sililandira dontho lisanamatidwe dzina, ndipo kiyi wa kabati amayenda naye m'khosi.

Atatcheza koyamba chichitikireni zija, anaima nako kabotolo pakhomo la kukhitchini, osadziwa chochita. Apongozi ake anali pampando wawo wa masiku onse, akusoka batani la diresi ya Lucy. Anamuona, naika singano pansi.

"Bwera nako," anatero.

Idah anagwada, natsegula, nakafikitsa pamphuno pawo. Anali mafuta a chanzi chothyoledwa m'mawa womwewo. Amake Kingstone anatsinzina, nakoka mpweya kamodzi, kawiri. Idah anadikira, mtima uli m'mwamba. Mayiwo anatsegula maso n'kupukusa mutu.

"Sindikumva kanthu, mwanangu," anatero, n'kumugwira dzanja kuti asachotse kabotoloko. "Tandiuza iweyo. Kakumveka bwanji?"